Masiku Asanu ndi Awiri Ndikulondola Ulimba m'Chigwa cha Shire

Lachiwiri, ku Chikwawa

Ndinanyamuka ku Blantyre m'mamawa kuli chiperoni, aliyense m'minibasi atavala juzi kapena kufunda chitenje, koma titangoyamba kutsetsereka m'makhotamakhota a phiri nkhungu inatsalira kumbuyo, ndipo chigwa chonse chinaonekera kumunsi kwathu, mtsinje wa Shire ukung'anima pakati pa minda. Pofika pa Thabwa majuzi onse anali ali m'manja. Zimenezi n'zosadabwitsa, pakuti Blantyre ali pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene chigwachi chimanka chitsika mpaka kuchepera mamita 50 chakumalire a ku Nsanje. Titawoloka mlatho wa Kamuzu ndinatsikira pa Dyeratu, pomwe msuweni wanga, amene ndi mphunzitsi kuno, ankandidikira ndi anyamata awiri a kabaza.

Chandibweretsa kuno ndi nyimbo, makamaka za ulimba, choimbira cha matabwa ndi zikho. Mafumu, aphunzitsi ndi amayi a m'midzi ingapo ya m'mbali mwa msewu wa ku Nsanje anapangana kuti mapira akalowa m'nkhokwe, thonje nalo litagulitsidwa, pakhale masiku a zoimbaimba osinthana midzi, lero kuno mawa uko, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuswa mtengo. Lamulo lawo ndi limodzi lokha, lakuti pabwalo pasafike chinkuzamawu kapena choimbira chilichonse chofuna magetsi. Mudzi wolandira alendo ndiwo umaphika, ndipo mbale imayenda pakati pa anthu kuti oimba apeze ya sopo ndi yokwerera. Ine ndafika m'sabata yomaliza, imene anaikonza dala kuti igwere pa mwezi wowala. Malemu agogo anga aamuna, obereka mayi, anali a ku Nsanje ndipo ankaimba bangwe, koma anatisiya ndili wamng'ono, moti chimene ndimakumbukira si nyimbo zawo ayi, koma kunjenjemera kwa chitini chimene ankapisamo bangweyo. Kulira kumeneko ndakhala ndikukulakalaka kwa zaka zambiri.

Madzulo ano tinasonkhana pabwalo la sukulu ina, pansi pa mtengo wa bwemba. Anatsegulira ndi anyamata anayi amene banjo yawo ndi ya chitini cha mafuta ophikira, nsambo zake zili za waya wa mabuleki a njinga, ndipo choimbira chawo cha mawu aakulu, chimene amati badza, n'chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe ndipo n'chachikulu moti woimba amachita kuchikhalira. Kaimbidwe kawo kanandikumbutsa malemu Allan Namoko a ku Thyolo, kumapiri amene akuoneka chakum'mawa kwa chigwa chino, ndipo ana anavina mpaka fumbi linakwera m'masamba a bwemba.

Kenaka panabwera mkulu wina wa imvi atanyamula bangwe m'thumba la feteleza. Bangwe ndi thabwa lopyapyala limene amalikulunga ndi waya mmodzi wautali, kumudutsitsa m'timabowo ta kumapeto uku ndi uku mpaka papangike nsambo zingapo, ndipo pansi pa nsambo amaikapo timitengo timene amatisuntha akafuna kukweza kapena kutsitsa mawu. Zala za dzanja lamanzere la mkuluyu zinkatsamira pa nsambo zimene sanafune kuti zilire, chala chakumanja chikukwapula zonse pamodzi, pamene zitsekerero za mabotolo zimene anazikhomera pachitini zinkanjenjemera monga muja ankachitira agogo. Ankaimba za mkamwini amene amadwala pokhapokha khasu likatchulidwa. Mawu a bangwe ndi aang'ono, choncho anthu anayamba kukoka mphasa zawo pang'onopang'ono mpaka mawondo athu anagundana, ndipo mayi wina amene anali pambali panga anafulumira kuyamwitsa mwana wake atangoyamba kudandaula, kuti tisaphonye mawu ngakhale amodzi.

Lachitatu, ku Nchalo

Lero mtima wanga wawawa. Nchalo ndi tauni ya nzimbe, imene minda yake inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo pakuti ino ndi nyengo yodula, anthu ndi ochuluka, ndalama zikuyenda, ndipo malo omwera amayamba phokoso dzuwa lisanalowe. Okonza anasankha bwalo loyandikana ndi msika poganiza kuti ndi pomwe anthu ambiri angafike. Anthu anafikadi, koma pamene bambo wina anayamba kuliza kaligo, kachoimbira ka nsambo imodzi kamene amakakhwekhweretsa ndi kauta, zinkuzamawu za malo ena omwera zinameza zonse, moti tinkangoona dzanja likuyenda ndi milomo ikugwedera. Akuluakulu anapita kukapempha kuti achepetseko, ndipo anachepetsadi, koma sipanapite nthawi anakwezanso. Bamboyo anaima pakati pa nyimbo, napukuta kaligo kake ndi malaya, n'kukakulunga m'nsalu osanena kanthu.

Tinasamukira kuseri kwa tchalitchi china, kutali ndi msewu, koma pofika kumeneko anthu ambiri anali atabalalika. Amene tinatsala tinamvetsera mpaka mwezi unafika pamutu, ndipo bambo uja anavomera kumasulanso nsalu yake titamupempha kawiri.

Lachinayi, ku Ngabu

Tsiku lonse lalero ndakhala pakhonde la mmisiri wosema ulimba, m'mudzi wina kumadzulo kwa msika wa Ngabu, kumene tinafika titadutsa ng'ombe zambirimbiri ndi ngolo zonyamula mapesi. Ena amati ulimba, ena amati valimba, koma chinthu chake ndi chimodzi: matabwa ondandalikidwa pachimango, kuyambira lalitali la mawu aakulu mpaka lalifupi la mawu ang'ono, ndipo pansi pa thabwa lililonse pamalendewera chikho chake. Pa ulimba wa mkuluyu ndinawerenga matabwa 22, ndipo chikho cha kumapeto kwa mawu aakulu n'chachikulu ngati mtsuko wotungira madzi.

Ndinamupeza akusintha zikho zitatu zimene zinang'aluka paulendo. Anandionetsa kuti akafuna kutsitsa mawu a thabwa amalisema pakati chakunsi kwake, ndipo akafuna kuwakweza amasema kumapeto, pang'onopang'ono, akumaligogoda ndi chala nthawi iliyonse akachotsa kachibenthu. Chikho nachonso chili ndi mawu ake, ndipo ayenera kufanana ndi a thabwa. Akakulitsa kukamwa kwa chikho mawu amakwera, akamata phula m'mbali kuti kukamwako kuchepe mawu amatsika. Anaika chikho china pansi pa thabwa, namenya, n'kundiyang'ana. "Mwamva, mwanangu? Apa thabwa likuimba lokha, chikho sichikuvomera." Anamatanso phula pang'ono, namenyanso, ndipo mawu aja anatuluka onenepa, ondigunda pachifuwa, ngakhale kuti dzanja lake silinawonjezere mphamvu.

Pambali pa chikho chilichonse pali kabowo kamene amakatseka ndi kachikwa koyera kamene kangaude amasungiramo mazira ake, ndipo n'kamene kamapangitsa ulimba kulira monjenjemera n'kumveka kutali usiku. Masiku ano ambiri amamatapo kapepala ka jumbo kopyapyala, ndipo mkuluyu nayenso amatero pa zikho zing'onozing'ono, koma pa zikuluzikulu amayendabe m'makoma a nyumba zakale kufunafuna kangaude. Chimene chikumudetsa nkhawa kwambiri ndi zikho zenizenizo. Mbewu ya zikho zazikulu ankaisunga padenga, ndipo madzi a namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023 anatenga denga, mbewu ndi zikho zomwe zimene anali ataumitsa. Zimene ali nazo lero anachita kukapempha kwa mlamu wake kumtunda. Mlombwa, umene amaukonda chifukwa umalira bwino ukauma, ukusowanso chifukwa cha ocheka matabwa ndi ootcha makala. Anandiuza kuti anzake ena ayamba kuika zigubu za pulasitiki m'malo mwa zikho, ndipo sanawanyoze, anangoti mawu ake amakhala ouma.

Usiku ulimba unaikidwa pakati pa bwalo ndipo amuna atatu anauzungulira, aliyense ndi tindodo tiwiri ta mphira kumutu, wina ku mawu aakulu, wina pakati, wina ku mawu ang'ono. Aliyense amamenya zakezake, kulowa m'mipata imene mnzake wasiya, kotero kuti nyimbo imene khutu limamva palibe mmodzi mwa iwo amene akuimenya yense. Ndinayesa kutsatira dzanja limodzi ndi maso, koma ndinasokonezeka msanga. Pambali panali kang'oma kamene amati gaka ndi zisekese za nkhocho, ndipo amuna ndi akazi ankavina mozungulira ulimbawo, mzere ukukula nyimbo ikamakoma. Mnyamata wina wotsogolera kwaya anabwera ndi gitala kuti aperekeze, koma anavutika mpaka anaisiya, chifukwa mawu asanu ndi awiri amene amabwerezedwa pa matabwa a ulimba amatalikirana pafupifupi mofanana, mosiyana ndi mmene alili a gitala kapena kiyibodi ya kutchalitchi. Ena anaganiza kuti ulimba ndiwo sunachunidwe bwino, koma ine ndinali nditaona masana chisamaliro chimene mkulu uja amasemera thabwa lililonse, ndipo ndikutsimikiza kuti mawu amenewo ali pomwe makolo a kuno anafuna kuti akhale.

Lachisanu, kutsidya kwa Shire

Kuchoka ku Bangula kupita ku Makhanga ndi ulendo wa pabwato. Kale sitima yapamtunda inkadutsa pano kuwolokera ku Chiromo, kufupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, koma madzi anadula njirayo m'chaka cha 1997, ndipo kuyambira pamenepo anthu, njinga, mbuzi ndi matumba a mbatata zimawoloka pamadzi. Lero m'bwato lathu munalinso ng'oma zinayi, zimene eni ake anazinyamula pamiyendo kuopa kuti zikopa zinganyowe. Wopalasa anatilozera pamene mvuu zimakonda kugona, natilangiza kuti tisalowetse manja m'madzi chifukwa cha ng'ona.

Tinalandiridwa ndi nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, ndipo nditanena kuti "takhuta" monga amathokozera Asena, amayi anaseka mokondwa n'kundifunsa mwini wa mawuwo, ndipo nditatchula mudzi wa agogo anga anandiwonjezera ndiwo.

Bwalo lalero linali la amayi. Anavina utse, ng'oma zikulira, m'manja mukuwombedwa, nthungululu zikudutsana, koma chimene chinandigwira mtima ndi mawu a nyimbo zawo, amene mayi wina wachikulire ankandimasulira pomwe Chisena changa chaperewera. Zambiri ndi zopeka okha m'zaka zomwe zino. Dera lino linamizidwa mu Januwale 2015, linavutikanso mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023, ndipo nyimbozo zikutchula pamene madzi analekeza pakhoma la sukulu, masiku amene anagona m'makalasi, ndi nyika, timizu ta m'dambo timene amakumba njala ikavuta. Nyimbo ina inali ngati mtsutso. Mbali imodzi inkaimba kuti tiyeni kumtunda, ana athu asathere m'madzi, ndipo mbali ina inkayankha kuti kumtunda kulibe dimba, tikadya chiyani. Nkhani imeneyi ndaiwerenga kambirimbiri m'nyuzipepala, koma sindinaimvepo ikufotokozedwa mwachilungamo chotere, mbali zonse ziwiri zikupatsidwa mpata wofanana ndi anthu amene nkhaniyo ndi yawo.

Anthu atayamba kubalalika, gogo wina anatulutsa mkangala, kauta ka bango ka nsambo imodzi kamene amakagwiriza pakamwa, n'kumasintha mawu ndi mmene watsegulira mkamwamo. Kamalira motsika kwambiri, moti tinachita kuweramitsa mitu pafupi ndi tsaya lake. Anati anaphunzira ali mtsikana, ndipo ankaimba akakhala yekha, mwamuna wake ali kutali ku ntchito. Atsikana awiri anakhala pansi pafupi naye, ndipo mmodzi anapempha kuti ayeseko.

Loweruka, kwa Tengani

Zoimbaimba zalero zalephereka chifukwa m'mudzi umene unayenera kutilandira mwagwa maliro a bambo wina wachikulire. Nyakwawa inatumiza uthenga m'mawa, ndipo palibe amene anadandaula. Koma chakumadzulo kunabwera mphwake wa malemuyo kudzapempha kuti ulimba, umene unali utafika kale pangolo, ukalire pasiwa, chifukwa malemuwo ankaukonda ndipo anavinapo kwambiri pa unyamata wawo. Tinapita tonse, ine n'kukhala kumbali ya amuna, pafupi ndi moto.

Kwaya inaimba mpaka pakati pa usiku, ndipo itapuma akuluakulu a mpingo ndi a banja ananong'onezana kanthawi, kenaka ulimba unaloledwa. Sunalire monga unalirira ku Ngabu. Oimba ake ndi omwewo, nyimbo zina n'zomwezo, koma apa zinali ndi ntchito yoti zigwire, yochotsa tulo, yopepesa anamfedwa ndi yoperekeza munthu. Amayi anatuluka m'nyumba ya siwa mmodzimmodzi n'kulowa mumzere, ena misozi ili m'masaya, ndipo anavina mpaka tambala woyamba.

Mkulu wina amene ndinakhala naye pamoto anandifotokozera kuti kale ulimba sunkasowa kopita. Pamaliro, pasadaka, paukwati ndi pamowa ankauitana, oimba ankalandira nkhuku, mowa kapena ndalama, ndipo anyamata ankaphunzira pomwepo, poyamba kunyamula, kenaka kugwedeza nkhocho, mpaka tsiku lina wamkulu akatopa n'kuwapatsa tindodo. "Lero, bambo, mnyamata mmodzi wa sola, batire ndi kakhadi kodzaza nyimbo amakwanitsa usiku wonse pamtengo wochepa, ndiye amuna asanu ndi ngolo awaitana ndani?" Sanalankhule mokwiya, ndipo nanenso sindingaimbe mlandu banja losauka limene lasankha chotsika mtengo. Koma usiku umenewu ndazindikira kuti anthu a kuno sanatope nazo nyimbo zawo, monga ena amanenera m'tauni. Chimene chasowa ndi mabwalo amene nyimbozi zinkadyerapo ndi kuphunzitsidwirapo, ndipo ngati masiku a zoimbaimbawa ali ndi phindu lenileni, ndi lakuti akubwezera woimba malo oti aitanidwe ndi mwana malo oti aonerere ali pafupi.

Lamulungu, pa boma la Nsanje

Tafika pa boma masana, phiri la Morrumbala la ku Mozambique likuoneka patali kutsidya kwa mtsinje. Tauni ino pa nthawi ya atsamunda inkatchedwa Port Herald, ndipo ndi m'boma lino mmene Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anajambula nyimbo za Amang'anja ndi Asena m'chaka cha 1958, zimene zikusungidwa ku International Library of African Music, ku yunivesite ya Rhodes m'dziko la South Africa. Nditatchula zimenezi, gogo wina anandifunsa ngati mawu a bambo ake angakhalemo, popeza nawonso ankaimba ng'oma pa nthawiyo. Enanso anakumbukira pologalamu ya Nyimbo za M'maboma ya pa wailesi ya MBC, imene inkawasonkhanitsa pa wailesi imodzi mudzi wonse. Ndikuona kuti n'koyenera kuti zojambulidwa zoterezi zizifika m'sukulu ndi m'mabwalo a kuno, kumene kuli adzukulu a eni mawuwo ndiponso manja amene angathe kuzibwezera pa ng'oma.

Usiku womalizawu anthu anachuluka kuposa masiku onse. Panali ng'oma za likhuba, zondandalikidwa kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, zimene anaziwamba pamoto ndi kuzimata phula mpaka iliyonse inapeza mawu ake, moti zinkamveka ngati zikuimba nyimbo osati kungogunda. Panalinso gulu la nyanga, zitoliro zomangidwa pamodzi ziwiriziwiri, zitatuzitatu kapena zinayizinayi, zimene kwawo kwenikweni ndi kwa Anyungwe a ku Tete. Aliyense amauzira mawu ake ochepa, n'kuimba ndi pakamwa m'mipata, miyendo ikuponda mwadongosolo ndi maseche, onse akuzungulira. Malire a maiko awiriwa sanaletsepo nyimbo kuwoloka, pakuti Asena ambiri a kuno makolo awo anachokera m'mbali mwa Zambezi, ndipo enanso anadzakhala kuno pothawa nkhondo imene inatha mu 1992.

Kuchuluka kwa anthuko kunabweretsa vuto lake. Mkulu wa bangwe uja atayamba kuimba, a kumbuyo sanamve kanthu ndipo anayamba kucheza. Zitatha, okonza anakhala pansi pa mtengo n'kukambirana ngati chaka chamawa alole chinkuzamawu chimodzi chaching'ono. Mphunzitsi wina anati popanda chimenecho achinyamata adzaleka kubwera, koma mayi wina wa kutsidya anayankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, chikalowa chimodzi chidzaitana anzake, ndipo mkangala wa agogo aja sudzamvekanso." Anakambirana nthawi yaitali, ndipo anamanga mfundo yakuti bangwe, kaligo ndi mkangala ziziimbidwa dzuwa likamalowa, m'timagulu ting'onoting'ono pansi pa mitengo yosiyana, ndipo ulimba, likhuba ndi nyanga zizitenga bwalo lalikulu usiku. Ine ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse.

Lolemba, pobwerera

M'mamawa, ndikupita kokwerera minibasi, ndinamva kugogoda kuseri kwa nyumba imene ndinagona. Anali anyamata atatu a zaka zosapitirira khumi, atagoneka makungwa awiri a nthochi pansi n'kuyalapo zidutswa zisanu ndi chimodzi za matabwa, akuyesa nyimbo ina imene inalira usiku. Wamng'ono kwambiri ntchito yake inali yobwezera matabwa amene ankathawa pamalo pake akamenyedwa. Wa pakati ankalakwitsa pamalo amodzimodzi, ndipo mnzake ankamugwira dzanja n'kumuyambitsanso.

Mkulu wa bangwe wandigulitsa bangwe mmodzi mwa awiri amene anali nawo, atandionetsa katatu poika zala zakumanzere, ndipo ndamunyamula pamiyendo ulendo wonse. Mmisiri wa ku Ngabu anatidikira pamsewu ndi kampukutu ka pepala, momwe munali nthanga za zikho zazikulu zokwana dzanja limodzi. Wapatsa msuweni wanga, amene walonjeza kuti adzazidzala ndi ana a sukulu mvula yoyamba ikagwa, kuseri kwa makalasi, pa chulu chimene madzi a 2023 sanafikepo.